Msilikali Wamba wa Nkhondo ya 1914

Nkhondo itabuka m'chaka cha 1914, anyamata ambiri a m'dziko la Nyasaland anasiya makasu naloŵa gulu la King's African Rifles. Msilikali wotere anali mlimi wamba, wosadziŵa chimene mafumu a ku Ulaya anayambanirana. Ena anagwa pa Karonga pa 9 September 1914. Ochuluka anatha ndi kamwazi, malungo ndi njala m'nkhalango za Tanganyika ndi Mozambique, pamodzi ndi amtengatenga. Chaka chomwecho Mbusa John Chilembwe anachenjeza m'kalata kuti amphaŵi ndiwo adzafa nasiya amasiye. Nsanja ya ku Zomba ikumbutsa asilikaliwo, koma manda a ambiri anamera tchire kutali ndi kwawo, popanda mbale wolirapo.