Chofunda cha Mkwatibwi wa Chilama

Anthu a Chilama ndi nthambi ya mtundu wa Bai, ndipo ambiri amakhala m'boma la Lanping, m'mbali mwa mtsinje wa Lancang m'chigawo cha Yunnan ku China. Pa katundu amene mkwatibwi amapita naye kwa mwamuna wake pamakhala chofunda chochindikala cha ubweya wa nkhosa, chonikidwa utoto. Si malowolo ayi, pakuti chimachokera kuchikazi.

Chofundachi sachiluka. Mmisiri amamwaza ubweya ndi uta, kuuyala pa mphasa ya nsungwi, kuwazapo madzi otentha, kenaka kukulunga ndi kupsinja kambirimbiri mpaka ubweyawo utagwirana wokha.

Lusoli ndi lamakedzana m'derali. Cha m'ma 863, Fan Chuo adalemba kuti amuna a mu ufumu wa Nanzhao ankafunda zotere. Mu 1175, Fan Chengda adayamikira zochokera mu ufumu wa Dali kuti zidapambana zonse, naonjezera kuti olemera ndi osauka omwe ankazivala usana n'kuzigonera usiku.

Komabe mabuku amenewa adalembedwa ndi alendo ogwira ntchito za boma. Adaona chovala ndi malonda, osaona mwana wamkazi wotsanzika kwawo. Mbiri ya ukwati yasungidwa m'manja mwa amisiri ndi m'nyumba za anthu. Lero mabulangete a m'fakitale ndi otchipa, ndipo mmisiri akamwalira osasiya wophunzira, kachidutswa ka mbiri yosalembedwayi kamalowa naye m'manda.