Chikalata cha Mwana, Mphamvu za Ndani? Mbiri ya Malamulo a Mayeso ndi Oyang'anira Sukulu ku Malawi

Sukulu idafika m'dziko muno boma lisanabadwe. Amishoni a Livingstonia adakocheza ku Cape Maclear mu 1875, a Blantyre adatsatira mu 1876, ndipo pamene Angerezi ankalengeza mu 1891 kuti dziko lino lili m'manja mwawo, ana adali atayamba kale kuloweza a, e, i, o, u pansi pa mitengo. A UMCA adakhazikika pachilumba cha Likoma, Adatchi ku Mvera mu 1889 kenako ku Nkhoma, Akatolika ku Nzama ndi ku Mua kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Mpingo uliwonse udali ndi silabasi yake, aphunzitsi ake, mayeso ake ndi woyendera sukulu wake. Mnyamata womaliza maphunziro ku Overtoun Institution ku Khondowe ankatuluka ndi chikalata cha mishoni, ndipo ulemu wa chikalatacho unkachokera ku dzina la mishoniyo. Cha ku Livingstonia chinkamveka kutali: munthu ankapeza nacho ukalaliki ku Rhodesia, ku Tanganyika, ngakhale ku Joni.

Boma la atsamunda silidafulumire kulowererapo, popeza sukulu ndi ndalama. Thandizo lake loyamba, cha m'ma 1907, lidali mapaundi 1,000 pachaka oti mamishoni onse agawane. Zinthu zidayamba kusuntha nthumwi za bungwe la Phelps-Stokes zitayendera Nyasaland mu 1924 n'kupeza kuti mipingo ikusenza yokha katundu amene boma limayenera kugwirako. Mu 1926 padakhazikitsidwa dipatimenti ya maphunziro, R. F. Gaunt n'kukhala mkulu wake woyamba, ndipo mu 1927 padatuluka lamulo loyamba la maphunziro.

Mkangano umene tikadali nawo lero udayambira pamenepo. Lamulo la 1927 lidapatsa boma mawu pa katsegulidwe ka sukulu ndi pa ziphaso za aphunzitsi. Amishoni adakwiya. Sukulu za m'midzi zidali mizati ya mipingo yawo, mphunzitsi yemweyo ndiye ankalalikira Lamulungu, tsono boma lopereka kandalama kochepa chotero linkachokera kuti kudzawauza woyenera kugwira choko? Adalimbana nalo mpaka mu 1930 padabwera lamulo lina lofewerapo, lokhala ndi komiti ya alangizi momwe mipingo idali ndi mipando yambiri. Tisaiwale kuti m'bwalo lopanga malamulo ku Zomba mudalibe munthu wakuda ndi mmodzi yemwe kufikira 1949. Wolankhulira eni dziko m'bwalomo ankakhala mmishonale. Eni anawo ankalankhulira panja, m'mabungwe a anthu ophunzira onga North Nyasa Native Association, ndipo anthu ngati Levi Mumba ankabwereza pempho limodzi: boma litsegule sukulu zakezake, ndipo kukhale maphunziro opitirira Sitandade 6.

Sekondale zidachedwa. Blantyre Secondary School idatsegulidwa cha m'ma 1940, Zomba Catholic mu 1942, ya boma ku Dedza mu 1951. Ochepa amene ankafika kumapeto ankalemba mayeso a Cambridge. Mafunso ankakonzedwa ku Mangalande, mayankho ankawoloka nyanja kukachongedwa komweko, ndipo zotsatira zinkabwera patapita miyezi. Palibe amene ankakayikira chikalatacho. Komanso palibe amene akadanena kuti n'chathu.

Chipani cha Malawi Congress chitapambana zisankho za 1961, unduna wa maphunziro udapita kwa Kanyama Chiume, ndipo mu 1962 padakhazikitsidwa lamulo la maphunziro lomwe lidaika chiwongolero m'manja mwa nduna. Mipingo idatsala ndi umwini wa sukulu zake zambiri, koma silabasi, malipiro a aphunzitsi ndi kuyendera sukulu zidasanduka za boma. Lamulo limeneli lidakhala zaka 51. Lidalembedwa dziko lisanalandire ufulu, likadali ndi sekondale zowerengeka, koma lidaona ulamuliro wa chipani chimodzi kuyamba mpaka kutha, lidaonanso apulezidenti atatu a nthawi ya zipani zambiri.

Pa mayeso, sitepe yaikulu idapondedwa mu 1969, pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza kuti pakhale bungwe loyendetsa mayeso a Malawi Certificate of Education. Bungwelo silidayambe lokha. Lidagwirizana ndi Associated Examining Board ya ku Britain, ndipo mayeso oyamba a MCE adalembedwa mu 1972, Cambridge n'kutsazikidwa. Apa pamaoneka nzeru ya akuluakulu a nthawiyo. Ankadziwa kuti chikalata chatsopano sichikhala ndi ulemu chifukwa choti aphungu awombera m'manja. Mayunivesite akunja ndi olemba anthu ntchito ankayenera kukhulupirira kuti giredi ya ku Zomba ikufanana ndi ya ku London. Choncho Angerezi adapitiriza kuunika mafunso ndi kachongedwe pamene Amalawi ankaphunzira ntchitoyo, ndipo kusiyirana kudatha mu 1989, patapita zaka 20 chikhazikitsireni bungwelo. Kufatsa kotereku sitidakuonenso m'mbiri imeneyi.

Nthawi yonseyi mayeso a Sitandade 8 ndi a JC ankayendetsedwa ndi nthambi ina ku unduna. Kauniuni wa mu 1984 adalangiza kuti mayeso onse a boma akhale pansi pa denga limodzi, ndipo mu 1987 aphungu adavomereza lamulo lophatikiza nthambiyo ndi bungwe lija. Ndiko kubadwa kwa MANEB, yomwe likulu lake lili ku Zomba mpaka lero. Kunena kuti aphungu adakambirana biluyo n'kuwakomera mtima pang'ono. Idali Nyumba ya chipani chimodzi, ndipo phungu wanzeru ankadziwa kuti bilu yochokera ku boma siyifunsidwa mafunso olasa. Motero funso limene likadafunsidwa tsiku limenelo lidatsala: ngati bungwe limodzi likonza mafunso, kuchonga, kudula malire a magiredi, kulengeza zotsatira ndi kusindikiza chikalata, nanga ilo adzaliyang'anira ndani?

Funsolo lidagona pamene olemba mayeso adali ochepa. Lidadzuka 1994 itadutsa. Boma la Bakili Muluzi lidachotsa fizi ku pulayimale, ndipo ana adakwera kuchoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Padalembedwa aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji, ambiri a iwo ali ndi JC yokha, oti aziphunzira ntchito ali kale m'kalasi. Sukulu za MCDE zidasandutsidwa ma CDSS kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, zambiri zilibe laibulale kapena chipinda cha sayansi. Sukulu zapulaiveti zidamera paliponse, zina m'nyumba zimene dzulo lake zidali sitolo, ndipo lamulo la 1962 lidalibe mano oziluma. M'zaka zomwezo woyendera sukulu, uja ankafika mosayembekezereka mphunzitsi n'kutuluka thukuta, adasinthidwa kukhala mlangizi. Ku pulayimale tidayamba kumva za a PEA ndi mazoni awo. Cholinga chidali chabwino, chakuti mphunzitsi athandizidwe osati kuopsezedwa, koma mlangizi wa sukulu khumi ndi zingapo, njinga yamoto ilibe mafuta, sangalangize ndipo sangayendere.

Zotsatira za MSCE, mayeso a Fomu 4, zidatsika kwambiri kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 mpaka pulezidenti adakhazikitsa komiti yofufuza. Mu 2000 mayeso a Fomu 4 adabedwa moti adathetsedwa n'kulembedwanso. Likasa lidasanduka malonda. Chifukwa chake si chovuta kuchiona: malo a ku sekondale ndi a ku yunivesite adali ochepa, olimbirana adachuluka, ndipo tsogolo lonse la mwana linkapachikidwa pa mapointi a maphunziro asanu ndi limodzi amene wakhoza bwino.

Yankho la Nyumba ya Malamulo, kuyambira pamenepo, lakhala kubala mabungwe. Mu 1999 lamulo lidabala TEVETA ya maphunziro a ntchito zamanja, yolandira msonkho wochokera kwa olemba anthu ntchito. Koma lamulolo silidafafanize zimene zidalipo kale, moti kwa zaka zambiri mmisiri wa matabwa kapena wa njerwa ankatha kukhala ndi chikalata cha Trade Test cha ku unduna wa zantchito, kapena cha Malawi Craft cha MANEB, kapena cha TEVET, bwana wolemba ntchito n'kumakanda mutu kuti chachikulu n'chiti. Mu 2011 padabwera lamulo la NCHE, khonsolo yolembetsa ndi kuunika mayunivesite, itafika nthawi yoti makoleji ena ankagulitsa madigiri opanda wowavomereza. Mu 2019 aphungu adavomereza malamulo ogawa University of Malawi, ndipo mu 2021 KUHeS ndi MUBAS zidayamba kuima pazokha.

Lamulo lalikulu la maphunziro lidasinthidwa mu 2013, nthawi ya Joyce Banda, Law Commission italiunika kwa zaka zingapo. Apa mkangano udalipo weniweni, m'Nyumba ndi kunja komwe. Malamulo aakulu a dziko adali atalonjeza kale kuti boma lidzayesetsa kuti pulayimale ikhale yaulere ndi yokakamiza, ndipo lamulo latsopanoli lidalembadi kuti mwana aliyense ayenera kupita kusukulu. Ofunsa adafunsa: wokakamizidwa ndani, kholo losauka kapena boma lomwe silidamange makalasi? Lamulo lomwelo lidakhazikitsa khonsolo ya aphunzitsi, yoti izilembetsa ndi kupereka ziphaso, ngakhale padapita zaka zambiri isanayambe ntchitoyo. Lidanenanso kuti chiyankhulo chophunzitsira ndi Chingerezi, ndipo mu 2014 unduna udalengeza kuti zimenezi ziyambire Sitandade 1, kusiya mfundo ya mu 1996 yoti makalasi anayi oyamba aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo. Amene adaphunzitsapo ana 100 a zaka zisanu ndi chimodzi m'chipinda chimodzi akudziwa kuti ndime imeneyo idakathera pakhomo la kalasi. Mu 2015 unduna udatulutsa miyezo 26 yoyezera ubwino wa sukulu, kuti woyendera akhale ndi poyambira.

Chodabwitsa n'chakuti chosintha chimene chidakhudza kwambiri chikalata cha mwana sichidadze ngati bilu konse. Mu 2015 boma la Peter Mutharika, Emmanuel Fabiano ali nduna ya maphunziro, lidalengeza kuti mayeso a JCE, a JC aja a Fomu 2, atha, ndipo omaliza adalembedwa mu 2016. Zifukwa zake zidali zomveka. Mayesowo ankadya ndalama zochuluka, JC idali itasiya kale kulembetsa munthu ntchito m'boma, ndipo teremu yathunthu ya Fomu 2 inkathera kukonzekera mayeso m'malo mophunzira. Otsutsa nawonso adali ndi mfundo zawo zolimba. Mtsikana wosiyira Fomu 3 chifukwa cha fizi kapena mimba atuluka ndi chiyani m'manja, zaka zitatu zonsezo? Mwana wodziwa kuti sakumana ndi MANEB mpaka Fomu 4 adzalimbikira bwanji? Ndipo mayeso a pasukulu, amene ankati alowa m'malo, adzafanana bwanji pakati pa sukulu ya mishoni ya zipangizo zonse ndi CDSS ya aphunzitsi asanu? Mbali zonse ziwiri zidali zoyenera kumvedwa ndi komiti ya aphungu, aphunzitsi ndi makolo akuitanidwa, ziwerengero zili patebulo. M'malo mwake nkhaniyo idakakambidwa pa wailesi ndi pamisonkhano ya ndale. Boma litasintha mu 2020, Lazarus Chakwera ali pampando ndipo Agnes NyaLonje ali nduna, JCE idabwezedwa mwa njira yomweyo, ndi chilengezo, n'kulembedwanso mu 2021. Ana amene adadutsa Fomu 2 pakati pa zaka zimenezo alibe chikalatacho, ndipo palibe amene adawafotokozera ngati adapindula kapena adaluza.

Chaka chomwecho cha 2020, sukulu zitatsekedwa miyezi ingapo chifukwa cha Covid-19, mapepala a MSCE adayamba kuyenda pa WhatsApp mayeso ali mkati. Kuchiyambi kwa Novembala unduna udathetsa mayeso onse. Ophunzira adachita zionetsero m'matauni, pulezidenti adalamula kuti utsogoleri wa MANEB usinthidwe, ndipo boma lidafunika kupeza ndalama zoposa K4 biliyoni zolembetsera mayeso ena. Onani amene adagamula: pulezidenti. Funso lija la 1987 lidali likadali pomwepo. Anzathu ku South Africa ali ndi Umalusi, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la 2001, lomwe silikonza mayeso omaliza sekondale a matric koma limaunika mapepala ndi kachongedwe, ndipo zotsatira sizituluka lisanavomereze. Ku Zambia mayeso ali ndi Examinations Council of Zambia, pamene kusanja ndi kuvomereza zikalata kudapatsidwa bungwe lina, ZAQA, ndi lamulo la 2011. Kuno, mu 2020, pakati pa MANEB ndi andale padalibe wina woima payekha amene kholo likadamufunsa ngati giredi ya mwana wake ndi yoona.

Mayeso obwerezawo adalembedwa mu Januwale 2021, asilikali a nkhondo akuthandiza apolisi kulondera mapepala. Sadabedwenso. Zotsatira zitatuluka, okhoza adali pafupifupi 41 pa 100 alionse.