Mboni Zosalankhula: Mbiri ya Timathonje ta ku Virginia

Pa bwalo la mfumu, munthu akamnenera kuti waba mbuzi, akuluakulu sagamula mlandu ndi mawu okha ayi. Amafuna kuona chikopa, kapena chingwe chimene mbuziyo idamangidwa nacho, ndipo chinthucho chimaikidwa pakati pa bwalo kuti aliyense achione. Ku makhoti a boma chinthu chotere amachitcha ekizibiti. M'chinenero chathu timangoti umboni, kuphatikiza pamodzi mawu otuluka pakamwa ndi chinthu chogwirika ndi manja. Tsono m'nkhani ino ine ndichitcha mboni yosalankhula. Kumudzi mlandu umatha dzuwa lisanalowe, koma wa boma umagona miyezi, mwinanso zaka. Chifukwa chake apolisi a m'maiko ambiri ali ndi munthu amene ntchito yake ndiyo kusunga mboni zimenezi kufikira tsiku limene zidzafunidwe.

Ntchitoyo siioneka yaulemu. Mwini wake amakhala m'chipinda chokiyidwa, chodzala ndi makatoni, mipeni, njinga ndi zovala za eni. Chinthu chikafika amachilemba m'buku, nachipatsa nambala, nachimata m'thumba mwake chokha. Chovala chonyowa amayamba wachiumitsa, nachiika m'thumba la pepala, pakuti m'pulasitiki chimachita nkhungu. Aliyense wochitenga asaine dzina lake ndi tsiku, ndipo pochibweza asainenso, kuti woweruza akadzafunsa kuti, "Kodi mpeni uwu wadutsa m'manja mwa yani?" bukulo liyankhe popanda mpata. Inu amene posachedwa mudzapatsidwa rejista ndi kiyi wa kabati ya sukulu mudzalawako pang'ono kulemera kwa udindo wotere.

Kufunika kwa chisamaliro chimenechi kudaoneka kale ku Deptford, mu mzinda wa London, m'chaka cha 1905, pamene mkulu wina wogulitsa utoto adaphedwa pamodzi ndi mkazi wake. Pa bokosi la ndalama padatsala chidindo cha chala. Wapolisi wina adaali atakhudza kale bokosilo ndi manja, kotero kuti kudayenera kuti zala zake zipimidwe poyamba, asanakhulupirire kuti chidindocho ndi cha wakupha. Chidapezeka kuti ndi chala chachikulu cha Alfred Stratton, ndipo iye ndi mbale wake Albert adanyongedwa chaka chomwecho. Umenewu ndiwo udali mlandu woyamba wakupha ku Britain kugamulidwa ndi zidindo za zala.

Bokosi la ku Deptford lidalankhula patangopita masabata ochepa. Koma pali mboni zina zimene zimakhala chete zaka zambiri, chifukwa nzeru yozifunsira siidabadwe; ndipo apa ndi pamene pagona vuto la wosunga. Chipinda chimadzala, ndipo mlandu ukatha lamulo limalola kuti katundu abwezedwe kwa eni ake kapena atenthedwe. Nanga adziwa bwanji chimene chidzafunidwe mawa? Tiyeni tsono tioloke nyanja, tinke ku Virginia, chigawo china cha dziko la United States.

M'mwezi wa July 1982, m'boma la Hanover, mkazi wina wachizungu adagwiriridwa ndi mwamuna wakuda amene adabwera pa njinga. Wachiwembuyo adamuuza mkaziyo kuti ali ndi bwenzi lachizungu. Wapolisi wina, atamva zimenezi, adakumbukira mnyamata wa zaka 18, dzina lake Marvin Anderson, amene ankakhala ndi mkazi wachizungu. Popeza mnyamatayo adaalibe mbiri ya milandu, apolisi analibe chithunzi chake. Adakatenga cha ku ntchito kwake, chamitundu, nachiika pakati pa zithunzi zakuda ndi zoyera za anthu ena. Diso la munthu limathamangira chosiyana ndi zinzake. Mkaziyo adaloza chithunzi chimenecho, ndipo oweruza mlandu, onse azungu, adampeza Anderson wolakwa. Adamlamula kukhala m'ndende zaka 210.

Anthu a m'deralo ankanong'onezana dzina lina, la John Otis Lincoln. M'chaka cha 1988 Lincoln yemweyo adaimirira m'khoti, nalumbira kuti ndiye adachita choipacho. Koma woweruza adati ndi wabodza. Taonani kuchepa mphamvu kwa mboni zolankhula: wina adaloza munthu wosalakwa namkhulupirira, wina adadziulula yekha namkana.

Pa nthawi imeneyo nzeru yatsopano idaali itabadwa. M'chaka cha 1984, ku Leicester, Alec Jeffreys adapeza njira yozindikirira munthu ndi DNA, ndiko kuti malembo a chibadwa opezeka m'magazi, m'malovu ndi m'madzi ena a m'thupi, amene amasiyana munthu ndi munthu. Anderson adapempha kuti zinthu za mlandu wake zipimidwe mwa njira imeneyi. Apolisi, a khoti ndi oimira boma onse adayankha chimodzimodzi, kuti zinthuzo zidatayidwa kale. Adatuluka m'ndende m'chaka cha 1997, atakhalamo zaka 15, koma adatuluka ngati wolakwa amene akumyang'anira, dzina lake lili pa mndandanda wa ogwirira akazi.

Chimene onsewa sadachidziwe ndi chizolowezi cha mayi wina, Mary Jane Burton, amene ankapima magazi ku labotale ya boma ku Richmond kuyambira 1973 kufikira 1988. Mwambo wa ntchito udali wakuti akatha kupima, zonse zibwerere kwa apolisi amene adazitumiza. Iye ankadula kansonga ka thonje limene adapimira, kapena kachidutswa ka nsalu, nakamata ndi tepi pa pepala la m'faelo yake. Mafaelowo adapita kosungira mapepala akale, naiwalika. Burton adamwalira m'chaka cha 1999, osaona chimene timathonje take tidadzachita.

M'chaka cha 2001 mkulu wa labotaleyo, Paul Ferrara, adaitanitsa faelo ya mlandu wa Anderson, napeza timathonje tili chimatire, patapita zaka 19. Boma lidayamba lakana kuti tipimidwe, koma lamulo latsopano la chaka chomwecho lidatsegula njira. M'mwezi wa December zotsatira zidatuluka: Anderson sadali mwini DNA imeneyo. Kupima kwina kudaloza Lincoln, amene pambuyo pake adapezeka wolakwa. Bwanamkubwa wa Virginia, Mark Warner, adamkhululukira Anderson kotheratu m'mwezi wa August 2002. Mawu akuti kukhululukira ndi a lamulo. Kwa ife amamveka mokhota ndithu, pakuti munthu amakhululukidwa chimene adachita.

Anderson sadali yekha. Julius Ruffin adamasulidwa m'chaka cha 2003, ndi Arthur Whitfield mu 2004, onse atatha zaka zoposa 20 m'ndende, ndipo onse chifukwa cha tizidutswa ta m'mafaelo omwewo. Warner adalamula kuti atolepo mafaelo ena mwachisawawa, aone. Mwa milandu 31 imene idapimidwa, amuna awiri adapezeka osalakwa. Chiwerengero chimenechi chidaopsa akulu a boma, ndipo m'chaka cha 2005 kudalamulidwa kuti makatoni onse a zaka zimenezo atsegulidwe. Potsiriza amuna 13 adayeretsedwa, ndipo nyuzipepala zidamtcha Burton mngelo.

Ndikadakonda kulekezera pomwepa, koma mbiri siilola. Chinthu chosungidwa sichisankha womchitira umboni. Chimanenanso za wochisunga. Pa milandu yambiri mwa imeneyi, amene adapima zinthu pa nthawi yozenga mlandu adali Burton yemweyo, ndipo anthu adayamba kufunsa kuti zidatheka bwanji kuti osalakwa ochuluka chotere amangidwe pa milandu yodutsa pa tebulo limodzi. M'chaka cha 2023 pologalamu ina ya mawu, yotchedwa Admissible, idaulutsa umboni wa Gina Demas, amene adagwira naye ntchito m'zaka za m'ma 1970. Demas adanena kuti Burton ankadumpha mayeso ena ofunika ndi kusintha zotsatira m'mabuku, ndi kuti iye adadandaula kwa akulu a labotale pa nthawiyo koma sadamumvere. Burton sangathenso kudziyankhira, ndipo sikuyenera kuti timgamule ife. Komabe m'chaka cha 2024 nyumba ya malamulo ya Virginia idalamula kuti milandu imene iye adaigwira iunikidwenso, ndipo mafaelo omwe aja, amene adatulutsa Anderson mu mndandanda wa olakwa, adatsitsidwanso pa mashelefu kuti tsopano afunsidwe za dzanja limene lidawalemba.