Nyengo za m'Malawi: zoyenera kudziwa pokonza ulendo ndi pogula malo

M'dziko la Malawi, monganso m'mayiko ena a m'chigawo chotentha cha dziko lapansi, chaka chimagawika potengera mvula. Malo amodzimodzi amaoneka mosiyana kwambiri mu Ogasiti ndi mu Febuluwale: msewu wafumbi umasanduka matope okhaokha, ndipo puloti youma gwa imatha kukhala chithaphwi. N'chifukwa chake wapaulendo ndiponso wogula malo ayenera kuganizira za nyengo asanatulutse ndalama.

Nyengo zitatu za pachaka

Dzinja limayamba cha mu Novembala n'kutha mu Epulo. Mvula imayambira kummwera n'kumafalikira kumpoto, ndipo imagwa yambiri kuyambira Disembala mpaka Malichi. Nyengo yozizira imatenga miyezi ya Meyi mpaka Ogasiti. Imeneyi ndiyo nthawi ya mphepo ya mwera panyanja, komanso ya chiperoni ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje. Chilimwe chimafika pachimake mu Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala, pamene kuchigwa cha Shire kutentha kumatha kupitirira madigiri 40.

Anamondwe ochokera kunyanja ya mchere ya India amabweranso m'miyezi ya dzinja. Idai anavuta mu Malichi 2019, Ana mu Januwale 2022, ndipo Freddy mu Malichi 2023.

Maulendo apamsewu, panyanja ndi kumapiri

M'dzinja, misewu yodutsa m'zigwa ndiyo imayamba kuduka. Msewu wa M1 pakati pa Chikwawa ndi Nsanje, ndiponso wa M5 wa m'mbali mwa nyanja, imadutsa mitsinje yambiri yotsika m'mapiri, imene imadzaza mwadzidzidzi ngakhale pamalopo pasanagwe mvula. Mu Febuluwale 2024 madzi osefukira anaononga msewu wa M5 m'dera la Dwangwa ku Nkhotakota. Woyenda nthawi imeneyi anyamuke m'mawa, popeza mvula yamabingu imakonda kugwa masana ndi madzulo, ndipo asayese kuoloka pamlatho womizidwa. Udzudzu umachulukanso m'dzinja, choncho masikito asasiyidwe kunyumba.

Panyanja zinthu zimatembenuka. Miyezi yozizira, imene misewu imakhala yabwino, ndiyo ya mwera, mphepo yochokera kummwera chakum'mawa imene imautsa mafunde aakulu. Wopita ku Likoma kapena ku Chizumulu pa sitima kapena pa boti aziikiratu masiku apadera, chifukwa ulendo umatha kuchedwa.

Ofuna kuona nyama ku Liwonde ndi ku Majete zimawayendera bwino m'chilimwe, udzu ukauma ndipo nyama zikamasonkhana kumadzi. Kukwera phiri la Mulanje, limene nsonga yake ya Sapitwa ndi yotalika mamita 3,002, n'kosavuta m'miyezi yopanda mvula, komabe chiperoni chimatha kuphimba njira ndi nkhungu. Ku Nyika kumazizira koopsa usiku mu Juni ndi Julayi.

Kugula puloti kapena nyumba

M'chilimwe pafupifupi malo alionse amaoneka abwino, ndipo dobadoba sachedwa kunena kuti ogula ena ali kale pamzere. Koma khalidwe lenileni la malo limadziwika m'dzinja. Namondwe wa Freddy atafika, matope ndi miyala zinagumuka m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe mumzinda wa Blantyre. M'dziko lonse anthu mazanamazana anamwalira, ndipo oposa 500,000 anasowa pokhala. Ku Lilongwe, mtsinje wa Lingadzi unasefukira mu Febuluwale 2017 n'kugwetsa nyumba ku Mtandire.

Wogula akaone malowo kawiri: mu Januwale kapena Febuluwale mvula ikangogwa kumene, ndiponso mu Okutobala. Ulendo wa m'dzinja umaonetsa kumene madzi amalowera, ngati ngalande zilipo, ngati denga likudontha, komanso ngati galimoto ingafike pakhomo. Ulendo wa m'chilimwe umaonetsa ngati chitsime kapena mjigo umaphwa, ndi ngati m'mipopi mumatuluka madzi.

Ngati n'kosatheka kudikira, zizindikiro zilipobe. Mabango ndi dothi lakuda la makande lokhala ndi ming'alu zimasonyeza kuti malowo ndi dambo. Dothi lotere limafufuma likanyowa n'kukhwinyata likauma, motero limang'amba makoma ndipo maziko ake amadya ndalama zambiri. Mzere wa chinyezi m'munsi mwa khoma, penti yatsopano yopakidwa m'munsi mokha, ndi zinyalala zokodwa m'nthambi za mitengo ya m'mbali mwa mtsinje zimaulula pamene madzi amafika. Anthu amene akhalitsa m'deralo amadziwa bwino mbiri ya malowo kuposa wogulitsa.

Malo a m'mbali mwa nyanja ali ndi kalendala yawoyawo. Madzi a m'nyanja ya Malawi amafika pamwamba kwambiri cha mu Epulo ndi Meyi, mvula itatha, ndipo amatsika kwambiri cha mu Novembala ndi Disembala. M'chaka cha 2024 nyanjayi inakwera moti inalowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi ku Salima. Mchenga wotambalala umene wogula amauona mu Novembala ukhoza kukhala pansi pa madzi pakatha miyezi isanu.

Kumene mungafunse

Nthambi ya boma yoona zanyengo imalengeza ulosi wa dzinja chaka chilichonse mvula isanayambe, komanso imachenjeza za mwera, mvula yamphamvu ndi anamondwe kudzera pa wailesi ndi pa intaneti. Makhonsolo a mizinda ndi unduna wa zamalo ndiwo angatsimikize ngati malo ali ololedwa kumangapo nyumba ndiponso ngati zikalata za umwini zili zenizeni. Wotenga inshulansi ya nyumba awerenge bwino ngati ikuphatikizapo kusefukira kwa madzi ndi mphepo yamkuntho asanasaine.