Alendo a Kutsidya kwa Ruo

Nkhondo ya Frelimo ndi Renamo itafika povuta m'chigawo cha Zambezia mu 1986, anthu anayamba kuwoloka mtsinje wa Ruo usana ndi usiku, ana kumsana, mitolo pamutu. Ambiri anafikira ku Mulanje, ena kuno ku Thyolo. Pofika 1992, othawa nkhondo m'Malawi muno anali atakwana miliyoni.

Boma silinakhale chete. Mu 1989 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo la othawa kwawo, ndipo ma DC ankagwira ntchito limodzi ndi UNHCR komanso Red Cross, yomwe inkagawa chakudya. Komatu oyamba kulandira alendowo anali mafumu ndi anthu wamba, kudera kumene nthaka yachonde inatengedwa kalekale ndi minda ya tiyi. Munthu wa kamunda kamodzi ka pamtsetse ankadulako ndime n'kupatsa mlendo. N'zosadabwitsa kwenikweni. Alhomwe ambiri a kuno ndi zidzukulu za anthu amene anachokera kutsidya komweko, kuthawa nkhanza za Apwitikizi, n'kudzagwera m'thangata. Chiyankhulo chinali chimodzi, penanso ndi magazi omwe.

Mabuku athu a m'boma amadziwa kusunga chiwerengero cha matumba a ufa. Koma amayi amene ankaphikira ana phala, ndi anyamata amene ankakumba zimbudzi popanda malipiro, maina awo mukawamva kwa agogo m'midzi, osati m'mafayilo.

Mgwirizano wa mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, alendo anayamba kubwerera, ndipo pofika 1995 ambiri anali kwawo. Ena amene anapeza banja kuno anatsala, ndipo ana awo akuthyola tiyi limodzi ndi athu.