MFUMU NSEFU NDI NYAMA ZA M'CIGWA CA LUANGWA

Munthu wocokera ku dziko la Mfumu Pembamoyo, pafupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, akapyola Chipata amatsikira m'cigwa cotentha ca Luangwa, kwao kwa Akunda. Kumeneko kunayambira nkhani imene ikali kubvuta mitundu yambiri ya mu Africa: kodi nyama za m'thengo mwini wace ndani?

Kale yankho linali lapafupi. Nyama zinali m'manja mwa mafumu, ndipo mlenje akapha njobvu, mnyanga wogwera pansi unali wa mwini dziko. Koma Boma la Azungu linadza ndi malamulo a mfuti, ndipo m'caka ca 1938 linapatula dera lalikulu la cigwaco kuti pasaoneke wosaka. Mlenje anasanduka mbala pa dziko la makolo ace, cikhalireco njobvu sizinaleke kudya mapira m'minda.

M'caka ca 1950 Bwana Norman Carr, woyang'anira nyama, amene anabadwira ku Chinde m'caka ca 1912, anakhala pansi ndi Mfumu Nsefu. Anapangana kuti mfumuyo ipatule mbali ya dziko lace, pamangidwe msasa wa alendo odzaona nyama zamoyo, ndipo ndalama zao zilowe m'thumba la ufumu wa Akunda. Umenewo ndiwo unali msasa woyamba wotere mu Northern Rhodesia. Pambuyo pace Carr anayambitsa maulendo apansi: alendo owerengeka, kutsogolo kuli mwana wa m'cigwa momwemo, wodziwa mapazi a nyama ndi kumene mphepo icokera.

Pofika 1972 dera la Nsefu linali mbali ya South Luangwa National Park, m'manja mwa Boma. Anthu a m'midzi anaona phindu lilikuwapitirira, mtengo wa minyanga unakwera, ndipo opha nyama mobisa anacuruka. Njobvu zinaphedwa zikwi zambiri, zipembere zinatheratu. Cifukwa cace m'zaka za m'ma 1980 Boma linabwerera ku nzeru ya Nsefu, niliyamba kubwezera midzi gawo la ndalama za nyama.

Ku Kenya Amaasai anafika pa nzeru yomweyo. Ku Olare Orok m'caka ca 2006, ndi ku Naboisho m'caka ca 2010, eni malo anagwirizana kubwereketsa dziko lao kwa eni misasa. Amalandira ndalama mwezi ndi mwezi, alendo saloledwa kucuruka, ndipo ng'ombe zimadya msipu mosinthana malo.

Mbiriyi iphunzitsa cinthu cimodzi. Msilikali wa mfuti yekha sangasunge nyama. Njobvu imakhala ndi moyo pokhapokha mwini munda umene ikudyamo akamaonako phindu lace. Mfumu Nsefu inazindikira zimenezi zaka zoposa 70 zapitazo.