Mudzi Umene Unatchedwa Fort Jameson

Munthu wochokera kwathu kuno ku Chipangali, akatsata msewu wa ku Lundazi kuloza kummwera, asanaone denga ngakhale limodzi la m'tauni amayamba waona mapiri atazinga chigwa, phiri la Kanjala lili chiimire pamwamba pa nyumba, ndipo ngakhale pasapezeke womuuza, amazindikira yekha chimene makolo anatchulira malowa. Mpata ndiwo danga la pakati pa mapiri. Ukakula, Achewa amati chimpata, ndipo pakamwa pa anthu mawuwo anapepuka nakhala Chipata. Dera la Kapata, kumene amayi amagulitsa mtedza ndi nyemba, dzina lake ndi lomwelo, lochepetsa chabe.

Koma agogo athu ponyamula fodya ndi ndalama za msonkho kunka ku boma, pamakalata ankapeza dzina lina, la Fort Jameson. Leander Starr Jameson anali sing'anga wobadwira ku Edinburgh m'chaka cha 1853, amene anaphunzira za mankhwala mu mzinda wa London, natsikira ku Kimberley kumene anakhala bwenzi la pamtima la Cecil Rhodes. Kumapeto kwa 1895 iye analowa ndi ankhondo m'dziko la Transvaal kuti agwetse boma la Mabunu, koma anagwidwa, natumizidwa ku London komwe kuja, kumene oweruza a mtundu wake anam'gamula kukhala m'ndende miyezi 15. Chimene chindiwawa mtima n'chakuti patangopita zaka zochepa, asilikali a atsamunda atathyola mphamvu ya Angoni a Inkosi Mpezeni, atawombera mwana wake Nsingo m'February 1898 ndi kulanda ng'ombe zosawerengeka, kampani ya Rhodes inamanga boma lake m'chigwa chimenechi m'chaka cha 1899, nilipatsa dzina la munthu amene ngakhale kwawo anam'peza wolakwa.

Mudziwo unakula ndithu. Unali likulu la North-Eastern Rhodesia kufikira 1911. Azungu olima fodya, amene ankautcha Fort Jimmy mwa chibwana, anatenga nthaka yabwino, Amwenye anatsegula masitolo awo kumunsi kwa tauni, ndipo anyamata athu, pothawa umphawi ndi msonkho, ankapyola pomwepo ulendo wa ku Salisbury ndi ku migodi ya ku Johannesburg. Akulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma mame awa anakhalitsa zaka zoposa 60.

Dziko litalandira ufulu m'chaka cha 1964, mayina a atsamunda anayamba kugwa limodzilimodzi: Broken Hill inakhala Kabwe, Abercorn inakhala Mbala, kutsidya kwa malire Fort Manning inakhala Mchinji, ndipo Fort Jameson inabwezeredwa dzina lochokera ku maonekedwe a nthaka yake. Angoni anayembekezabe kanthawi, pakuti mwambo wa Nc'wala, umene unazima Nsingo ataphedwa, sunavinidwenso kufikira 1980, ndipo tsopano Inkosi ya Makosi Mpezeni imalawa zipatso zoyamba chaka ndi chaka ku Mtenguleni, kumadzulo kwa Chipata.